Za Kusamuka ndi Katundu Wathu

Nyengo yosamuka yafika. Chimanga chalowa m'matumba, mtedza wauma, misewu ya kumidzi yalimba, ndipo kuyambira mwezi wa July kufikira September mudzaona malole ndi ngolo zikudutsa zitasenza malata, mitondo, mphasa ndi mbuzi yomangidwa pamwamba. Ena akupita kuchitengwa, ena akubwerera kwawo atatha ntchito m'minda ya fodya, ena apeza malo kumene nthaka ikadali yotakasuka. Ine ntchito yanga ndi ya ulangizi wa zaulimi, ndipo ife alangizi ndife anthu osamukasamuka: kalata ikabwera kuchokera ku ofesi, timamanga katundu. Ndasamuka katatu pa zaka 11, ndiponso ndalandira mabanja ambiri obwera kumene m'dera langa. Tsono ndifuna ndikambe nanu za ulendo umenewu, pakuti munthu angathe kulima bwino chaka chonse nadzataya phindu lake pa tsiku limodzi lokha, pakati pa mudzi wakale ndi mudzi watsopano.

Kusamuka si chinthu chachilendo m'dziko lathu. Kuyambira 2004 kufikira 2011, pa ntchito ija ya Kudzigulira Malo, mabanja oposa 15,000 anapeza minda yatsopano, ndipo ena mwa iwo anachoka ku Thyolo ndi ku Mulanje kukakhala ku Machinga ndi ku Mangochi. Madzi osefukira a mu January 2015 ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndiponso namondwe Freddy mu March 2023, anasamutsanso anthu ambirimbiri. Koma wothawa madzi sasankha galimoto, amangotenga mwana ndi bulangete. Mawu angawa ndi a inu amene muli ndi masabata okonzekera.

Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli makampani amene ntchito yawo ndi kusamutsa anthu basi. Amabwera ndi makatoni, nalemba chinthu chilichonse papepala, ndipo ngati mwalipira ndalama ina yapadera ya inshulansi amabwezera chimene chasweka kapena kusowa. Mtengo wake ngwa mabwana, ndipo sindikunena kuti mlimi akagulitse ng'ombe kuti awaitane. Koma taonani chimene bwanayo agula ndi ndalama zakezo. Si galimoto yokha ayi, pakuti magalimoto ali paliponse. Agula ofesi imene angapiteko mawa zinthu zikalakwika, agula mndandanda wa katundu wake, agulanso pangano lolembedwa. Zitatu zimenezi ife tingathe kudzipangira tokha pamudzi pano ndi kope la mwana wa sukulu.

Chifukwa chake funso loyamba pofuna galimoto lisakhale lakuti, "Ndi ndalama zingati?" Likhale lakuti, "Kodi munthu ameneyu ndingampeze kuti mawa?" Mwini lole amene nyumba yake idziwika, amene mkazi wake apemphera mpingo umodzi ndi azakhali anu, amene ana ake aphunzira pa sukulu ya pafupi, ameneyo sangathawe ndi matumba anu, pakuti athawira kuti? Funsani a kalabu ya fodya. Iwo chaka ndi chaka atumiza mabelo ku okushoni ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu, ndipo adziwa bwino lomwe mwini galimoto amene afikitsa katundu yense pa tsiku lake ndi amene agoneka mabelo panjira masabata awiri. Funsani a kopaletivi, aphunzitsi aakulu a pasukulu, ngakhale ife alangizi. Musafunse munthu mmodzi yekha, makamaka ngati ali mlamu wake wa dalaivalayo.

Chenjerani ndi madobadoba amene aima pasiteji ndi pamsika. Munthu wotere alibe galimoto, alibe ngakhale tayala. Ntchito yake ndi kukulandirani ndi ulemu wonse, kuimba foni, ndi kuonjezera yake ndalama pamwamba. Zinthu zikavuta adzakuuzani kuti iye anangothandiza. Pali enanso amene simuwaona ndi maso: akuuzani pafoni kuti lole ili panjira, koma mutumiziretu ya mafuta. Mukatumiza, nambala ija siipezekanso. Ine ndalama ya mafuta ndimapereka lole itaima pakhomo panga, injini ndikuimva ndi makutu anga.

Mukampeza mwini galimoto, pitani mukaione galimotoyo masana. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yatsopano siikoka katundu pa chitunda. Yang'anani matayala ngati sanathe, ndiponso ngati lilipo lapadera ndi jeke. Kwerani kumbuyo muone pansi pake: pali misomali yotuluka, mabowo, mafuta a dizilo otayika, kapena zotsalira za fetereza ndi simenti? Funsani lona, ndipo aitambasule muione, chifukwa lona yopindidwa siionetsa zibowo zake. Pagalasi lakutsogolo pakhale timapepala tosonyeza kuti galimoto inayesedwa, chimene atcha COF, ndi kuti ili ndi inshulansi, ndipo masiku ake akhale asanathe. Ngati inu simutha kuwerenga, tengani mwana. Galimoto yopanda zimenezi idzaimitsidwa pa rodibuloko, ndipo amene adzagona panja ndi ana pambali pa msewu ndinu. Koma musanyengedwe ndi mawu akuti "galimoto yanga ili ndi inshulansi." Inshulansi imene lamulo likakamiza galimoto iliyonse ndi yolipira anthu ena amene galimotoyo yawapweteka pamsewu. Chimanga chanu sichili m'menemo ayi.

Ndikuuzeni chimene ndinaona mu 2021, pamene ndinali kugwira ntchito m'boma la Machinga. Banja lina linabwera kuchokera ku Mulanje. Bambo wa banjalo anapeza lole pamsika kudzera mwa munthu wa pakati, ndipo mtengo unali wotsika kwambiri chifukwa, ati, loleyo inali kubwerera yopanda katundu. Analipira ndalama zonse asananyamuke. Iye ndi mkazi wake ndi ana aang'ono anakhala kutsogolo, ndipo kumbuyo kunalibe wawo aliyense. Atapitirira Limbe dalaivala anayamba matola: pano akweza atatu, apo atsitsa awiri, mpaka ku Zomba, mpaka ku Liwonde. Anafika usiku, natsitsa katundu mumdima mofulumira, lole n'kubwerera. Kutacha anawerenga napeza kuti matumba atatu palibe. Awiri anali a chimanga chakudya. Lachitatu linali laling'ono, ndipo m'menemo munali mbewu ya nandolo ndi ya chimanga chamakolo imene mayiyo analandira kwa amayi ake.

Anabwera kwa ine m'mawa womwewo. Ndinafunsa nambala ya galimoto, sanailembe. Dzina la dalaivala, ankangomutchula kuti achimwene. Foni imene anali nayo inali ya munthu wa pamsika uja, ndipo inali yotseka. Kupolisi anawafunsa mafunso omwewo. Mayiyo sanadandaule za chimanga chakudya. Anati, "Alangizi, chakudya tipeza ndi ganyu. Koma nandolo uja ndikamtenga kuti? Amayi anamwalira, ndipo kumudzi tinakolola yense." Ndinawapezera mbewu ina kwa alimi a m'dera lathu, ndipo analima. Koma sinali yomwe ija.

Apa ndi pamene katundu wa mlimi asiyana ndi wa kalaliki wa m'tauni. Kalaliki aopa kuti galasi la kabati lisweka. Ife katundu wathu wofunika koposa ali ndi moyo, ndipo angathe kufa panjira thumba lili lomangamanga. Mbewu isakwere kumbuyo. Iikeni m'kathumba kapena m'chidebe chotseka, ndipo ikhale pamiyendo ya mayi kutsogolo, pamodzi ndi ndalama ndi makalata. Ngati ili yambiri kotero kuti siingakwane kutsogolo, ikhale pamwamba pa katundu koma yosakhudza lona, pakuti lona yakuda padzuwa la September itentha ngati chiwaya. Mtedza wa mbewu musatongole musanasamuke; makoko ake ndiwo bokosi lake, ndipo wotongola akasupuka khungu kapena kugawika pakati sameranso. Soya ndiye wosachedwa kukwiya kuposa onse. Anyamata akaponya thumba la soya pansi kuchokera pa lole, njere zimasweka m'kati mosaoneka ndi maso, ndipo mudzazindikira mu December mizere ili mipatamipata.

Chimanga chakudya chiume ndithu musanachimange. Tengani botolo louma, muikemo chimanga pang'ono ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, ndipo mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi, chiyanikeninso. Chimanga chachinyezi chikakhala tsiku lonse pansi pa lona chimatuluka thukuta, ndipo chuku chimayamba pomwepo. Inu a ku Thyolo ndi ku Mulanje mudziwa kuti chiperoni sichipempha chilolezo ngakhale mu July, kotero lona ikhalepo ngakhale kumwamba kuli koyera. Amene musunga chimanga m'matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri m'kati, kumbukirani kuti mphamvu yake yonse ili pa kusalowa mpweya. Msomali umodzi kapena ngodya ya lata ikaboola, lasanduka thumba wamba. Yalani mphasa zakale kapena makatoni pansi musanasanje.

Muwerengenso kulemera kwake. Thumba ndi makilogalamu 50, kotero matumba 40 ndi matani 2, ndipo matumba 60 adzaza lole ya matani 3 musanaikepo lata ngakhale limodzi. Dalaivala wofuna ndalama adzati zonse zikwana. Ine ndimakhulupirira msanga dalaivala amene andiuza kuti, "Bambo, apa tiyenda kawiri," koposa amene avomera chilichonse.

Pali zinthu zina zimene si bwino kuziyandikiza. Fetereza, mankhwala opopera thonje kapena ndiwo zamasamba, mpope wake, palafini ndi batire ya sola zikhale kumbuyo kwenikweni, kutali ndi ufa, mchere ndi ziwiya zodyera. Ufa ukamva fungo la palafini palibe angaudye, ndipo mankhwala akadonthera m'thumba la nyemba mwina simudzadziwa n'komwe. Malata muwamange pamodzi, agone pansi, ndipo m'mphepete mwake mukulunge masaka. Makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi zikwakwa zilowe m'thumba limodzi lomanga bwino. Mbiya, mitsuko ndi miphika yadothi muziike m'madengu, muthire gaga kapena mankhusu m'kati ndi m'mbali, ndipo zikwere pomalizira. Mtondo suvuta, ungakhale paliponse, koma muumange kuti usagubuduke ndi kukaphwanya mbiya zomwezo. Za mipando ndi bedi sindinenapo zambiri. Zikathyoka kalipentala alipo kulikonse.

Tsono pali katundu wina amene ine monga mlangizi ndikupemphani kuti mumsiye. Nankafumbwe wamkulu uja woboola ngakhale mitengo anaoneka koyamba m'dziko muno ku Karonga mu 1991, ndipo sanafike kum'mwera ndi mapiko ake okha. Anakwera malole pamodzi ndi chimanga. Amabisala m'mitengo ya nkhokwe yakale ndi m'masaka akale. Nkhokwe mukamanga ina kumene mukupita. Masaka akale muwaviike m'madzi owira ndi kuwayanika musanathiremo kanthu. Ana a nthochi ochokera kumene kuli matenda a chisaka, amene anatha nthochi za ku Thyolo, musanyamule, ngakhale aoneke abwino. Mitengo ya chinangwa mudule ku mbewu zopanda khate zokha, ndipo muimange m'mitolo pamthunzi. Ndidziwa kuti kusiya nthochi imene munabzala nokha kumawawa. Koma kufika pamudzi wa eni ndi matenda m'manja ndi chiyambi choipa cha chinansi.

Ziweto nazo zili ndi lamulo lake. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba siziyenda kuchoka dera lina kupita lina popanda kalata ya chilolezo yochokera kwa alangizi a ziweto, ndipo apolisi panjira adzaifunsa. Pitani msanga, pakuti kukagwa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, monga zichitikira kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kapena chigodola cha nkhumba, boma limatseka njira ndipo chiweto sichituluka. Nkhuku zilandire katemera wa chitopa masabata awiri musananyamuke, ziyende m'madengu olowa mpweya, ndipo mukafika muzisunge pazokha masabata awiri zisanasakanikirane ndi za anansi. Nkhumba siipirira kutentha, iyende m'mamawa.

Ndibwerere kwa mwini galimoto uja, pakuti pangano silinathe. Mukagwirizana, khalani pansi pamaso pa a mfumu kapena munthu wina wamkulu, ndipo mulembe m'kope: dzina la mwini galimoto ndi mudzi wake, dzina la dalaivala monga lilili pa laisensi yake, nambala ya galimoto, tsiku ndi ola lonyamukira, ndi mudzi weniweni umene mukupita. Nenani mudzi, osati boma lokha, chifukwa alipo amene afika pa msika wa pamsewu waukulu nanena kuti msewu wafumbi sunali m'pangano. Mulembe mtengo wonse, ndi kuti mafuta ali momwemo, ndi amene adzalipira okweza ndi otsitsa. Mulembenso chimene chidzachitika galimoto ikafa panjira: afuna ina ndani, alipira ndani? Pomaliza mulembe mawu awiri awa, amene kwa ine ndiwo aakulu: palibe matola, palibe katundu wa munthu wina. Dalaivala akaonjeza matumba a makala pamwamba pa katundu wanu kuti akagulitse kutauni, a zankhalango akamgwira adzagwira galimoto yonse, ndipo mbiya zanu zidzagona kupolisi pa mlandu umene simuudziwa.

Munthu woona sakwiya ndi kope. Mukaona wina ayamba kunena kuti, "Kodi simundikhulupirira?" kapena akana kuonetsa laisensi, mthokozeni mwaulemu ndipo mufune wina. Ndalama mupereke pawiri: ya mafuta ponyamuka, yotsala katundu atatsika ndi kuwerengedwa. Mtengo wa munthu wodziwika kawirikawiri umakwererapo pang'ono. Muyerekeze kusiyanako ndi mtengo wa matumba atatu a chimanga m'mwezi wa February.

Amene muli ndi ana ku Joni, muwauze zomwezi akamatumiza katundu ndi amatransipota amene adutsa ku Beitbridge, ku Nyamapanda ndi ku Tete kudzalowera ku Mwanza kapena ku Dedza. Ulendowo ngwa masiku ambiri ndipo mwini katundu sakhalapo, kotero risiti yolembapo chinthu chilichonse, ndi kudziwa kwawo kwa transipotayo kuno kumudzi, ndizo zokha zimene mwanayo angagwire.

Usiku woti mawa ndi ulendo, lembani nambala pa thumba lililonse ndi pa mtolo uliwonse, ndi penti kapena makala, kuyambira 1 mpaka pomalizira. M'kope mulembe kuti nambala yakuti ndi chimanga, yakuti ndi ziwiya, koma pathumba pakhale nambala yokha, kuti wapanjira asadziwe mmene muli wailesi. Matumba a chimanga muwasoke ndi ulusi wa mtundu umodzi wodziwika, kuti wina akamasula napungula mudzaone. Pokweza, mmodzi aime ndi kope, aitane nambala, dalaivala akumva, ndipo pomaliza nonse awiri mugwirizane kuti mitolo ndi ingati. Tsamba limodzi atenge iye, lina musunge inu. Kumbuyo kukwere munthu wanu wamkulu, wa maso, wokhala pamalo otetezeka, osati mwana wokhala pamwamba pa katundu miyendo ili lendelende. Nyamukani kusanache kuti mufike dzuwa likadalipo.

Makalata onse akhale m'pepala la pulasitiki pathupi panu: ziphaso za unzika zimene tinalembetsa kuyambira 2017, mabuku a kuchipatala a ana ndi a akulu, makalata osamutsira ana kusukulu, kalata ya kumpingo, chilolezo cha ziweto, ndi kalata ya a mfumu anu yopita kwa a mfumu a kumene mukupita. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, pitani kuchipatala musananyamuke akulembereni kalata yokalandirira kwina. Ndipo musachoke osatsanzika kwa mlangizi wanu. Dzina lanu lili m'kaundula wa alimi a mudzi wakale, ndipo silisamuka lokha chifukwa inu mwakwera lole.

Mukafika, musalole kuti anthu onse amene abwera kudzathandiza atsitse nthawi imodzi, aliyense kulowera kwake. Athokozeni, koma katundu atsike mmodzimmodzi, nambala ikuitanidwa monga munachitira pokweza, ndipo aunjikidwe malo amodzi. Kwerani muone ngati kumbuyo kwatsala kanthu. Zikakwana, perekani ndalama yotsala, ndipo ngati dalaivala wagwira bwino ntchito muuze anthu dzina lake, pakuti mawa wina adzafunsa. Chikasowa chinthu, nenani pomwepo pamaso pa mboni galimoto isanatembenuke.

Matumba asagone padothi. Ikani mitengo kapena njerwa pansi, ndipo asatsamire khoma. Sabata yomweyo yesani mbewu yanu. Werengani njere 100 za mtundu uliwonse, muzifese m'mchenga wonyowa pamthunzi, muzithirira, ndipo patapita masiku 7 mpaka 10 muwerenge zimene zamera. Ine zikaposa 80 ndimakhutira. Zikachepera 60, mbewuyo yavulala panjira, ndipo mukadali ndi nthawi yofuna ina mvula ya November isanagwe. Mupite nazo zotsatirazo kwa mlangizi wa dera latsopanolo pamene mukukalembetsa dzina, ndipo mumfunsenso ngati mtundu umene mwabwera nawo ugwirizana ndi mvula ya kumeneko, pakuti chimanga chochedwa kucha chimene chinkachita bwino ku Mulanje chingathe kuuma chisanakhwime ku Balaka.